Tsokonombwe wa mu Samora Machel

Ine ndine telala, ndipo ntchito imeneyi yandidziwitsa ziuno za anthu a mu Harare kuposa nkhope zawo. Munthu akalowa m'kachipinda kanga, diso limayamba lafika pa lamba, moni pambuyo. Ndili ndi makasitomala amene ndinayamba kuwayeza tepi ikuima pa 32, lero ikuima pa 40, ndipo thalauza lomwelo labwera katatu kudzafutukulidwa mpaka nsalu ya m'kati inatha. Chiuno chokhacho chimene sindinkachiyeza chinali changa. Mathalauza anga ndinkangowamasula mwakachetechete Loweruka madzulo, anzanga ataweruka.

Bambo anga nawonso anali telala. Anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya, mzinda uno ukadali Salisbury, n'kukakhazikika pakhonde la sitolo ina ku Mbare ndi makina a Singer opalasa ndi mapazi. Makina amenewo ankafuna mwendo. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka mapazi ali pa chopondera, akaweruka n'kukwera njinga kubwerera kunyumba. Anamwalira atakalamba ndithu, chiuno chikadali chomwe anabwera nacho kuchokera kumudzi. Ine ndinalowa ntchito yawo, koma thukuta lawo sindinalilowe. Makina anga ndi amagetsi, ukangogunda pang'ono ndi chala cha kuphazi, iwo aja wayiii. M'mawa kombi imanditola pafupi ndi geti ku Dzivarasekwa n'kukanditula pa renki ya Copacabana m'tauni, madzulo n'kundibwezera pomwe inanditola. Pakati pa maulendo awiriwo pali mpando, nsima ya masana imene kuno timangoti sadza, ndi mpando womwewo.

Chinandiyalutsa ndi chikepe. Nyumba imene timachitamo lendi ili ndi chikepe chakalekale, ndipo mu Januwale wina, nthawi imene makolo amatipanikiza ndi mayunifolomu a ana, chinafa. Chipinda changa chili pa nsanja yachitatu. Masitepe ake ndinawawerenga pambuyo pake, alipo 66. Tsiku limenelo ndinanyamula mpukutu umodzi wa nsalu, ndipo ndisanafike ndi pakati pomwe ndinatsamira khoma, wefuwefu, mtima ukugunda mpaka m'makutu. Mayi wina wachikulire amene amatigulitsa nthochi anandipitirira dengu lili pamutu, n'kutembenuka kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinamuyankha kuti ndikungoyang'ana uthenga pa foni. Foniyo n'kuti ili m'thumba.

Madzulo ndinayesa kudzitchinjiriza kunyumba. Ndinati Harare ndi wokwera, pafupifupi mamita 1,500, choncho mpweya wake ndi wopyapyala. Mayi a kunyumba sanakweze ndi mutu womwe pa mphika. Anangoti, "Abambo, ku Dedza kwa makolo anu n'kokwera kuposa kuno, koma azakhali anu aja amasenza thumba la mbatatesi kuchokera kudimba. Pitani kuchipatala."

Ndinapita. Anamwino anandiyeza kawiri, n'kundiuza kuti BP yakwera. Anandipatsa mapilitsi, anandiletsa mchere wambiri, kenako anati ndizichita masewera olimbitsa thupi mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata. Mapilitsi ndinawalandira ndi manja awiri. Koma mphindi 30 zija zinangondiimira patsogolo ngati khoma. Ndimanyamuka kusanache bwino, ndimafika kunyumba kutada. Theka la ola lathunthu, losasokonezedwa ndi kasitomala kapena mzere wa kombi, ndikalitenga kuti? Ndiye ndinachita zimene amuna ambiri a msinkhu wanga amachita: ndinaganiza zolipira ngongole yonse tsiku limodzi. Ndinakagula nsapato za kaunjika ku msika wa Mupedzanhamo, Loweruka m'mawa n'kupita pabwalo la mpira kwathu, n'kuzungulira kwa ola lathunthu, mwina kuthamanga mwina kudzikoka. Lamulungu ku tchalitchi anzanga akuimirira kuti aimbe nyimbo, ine ndinagwira benchi ndi manja onse awiri. Lolemba ululu unachita kunyanya. Nsapato zija zinalowa kunsi kwa bedi ndipo zinakhala komweko miyezi itatu.

Amene anazitulutsa ndi mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene akuphunzira ntchito yowongola ziwalo za odwala. Akafuna kanthu amanditchula malume, akafuna kundiseka amati sekuru, mawu a Chishona amene amatanthauzanso agogo. Tsiku limenelo anabwera kudzabwezetsa diresi, ndipo ndinamudandaulira za khoma langa lija.

"Malume, anakuuzani ndani kuti mphindi 30 zimenezo zikhale zolumikizana?"

"Anamwino."

"Anachita kunena kuti zolumikizana?"

Ndinakhala chete, singano ili pakamwa. Anamwino aja sananene zimenezo. Mawu amenewo ndinasokererapo ndekha.

Kuyambira pamenepo anayamba kumanditumizira zowerenga pa WhatsApp, zina n'kumandimasulira akabwera, ndipo ine amene ndimawerenga nyuzipepala kuyambira kumasamba a mpira ndinapezeka ndikutsatira nkhani za kafukufuku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu kwa mphindi 75 mpaka 150, kuwonjezerapo masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 za anamwino zija ndi 150 yomweyo, yongogawidwa pa masiku asanu kuti isavute kukumbukira. M'malangizo a 2010 munali chiganizo chakuti ulendo uliwonse usachepere mphindi 10. Mu 2020 chiganizocho anachichotsa, kutanthauza kuti ngakhale mphindi zitatu za pa masitepe zimalowa m'kaundula.

Funso lakuti kodi zidutswa zimafanana ndi chathunthu linayesedwa kalekale. Mu kafukufuku amene anatuluka mu 1998, Marie Murphy ndi Adrianne Hardman anatenga amayi amene sankachita masewera n'kuwagawa. Ena aziyenda ndawala mphindi 30 kamodzi, ena mphindi 10 katatu pa tsiku, masiku asanu pa sabata, kwa masabata 10. Chimene ankayeza ndi kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni umene thupi lingathe kugwiritsa ntchito munthu akalimbika mpaka pomaliza, muyeso umene akatswiri amautcha VO2max. Kunena kwathu, ndi muyeso wa befu: ukakwera, befu limachedwa kukupeza. Magulu onse awiri anakwera mofanana. Koma kumbuyoko, mu 1990, Robert DeBusk ndi anzake ku Stanford ku America anali atayesa zofanana ndi zimenezi pa amuna achikulire pang'ono, kwa masabata asanu ndi atatu. Kumeneko onse anapindula, kungoti a mphindi 30 zolumikizana anapindula mopitirirapo.

Mwana wa mlongo wanga sanandibisire zachiwirizi, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Ineyo ndinazimva mwa utelala. Nsalu ya mamita atatu, kaya wagula yathunthu kaya wagula zidutswa zitatu, ndi mamita atatu basi, ndipo malaya amatuluka. Komabe telala aliyense akudziwa kuti pali zovala zina zimene sizituluka m'zidutswa. Munthu amene akufuna kudzathamanga mpikisano wa makilomita 21 sangakonzekere ndi timphindi khumikhumi. Koma ine sindinkasoka mkanjo wa ukwati. Ndinali munthu wausiwa, ndipo wausiwa safunsa ngati malaya ali ndi msoko kumsana.

Kafukufuku amene anandikhazika mtima pansi kwenikweni ndi wa ku Dallas, amene anatuluka mu 2007 motsogozedwa ndi Timothy Church. Anatenga amayi 464 amene anasiya kusamba, onenepa, ongokhala, BP yawo ili yokwera pang'ono. Kupatulapo gulu limene silinapatsidwe masewera, ena ankachita pafupifupi mphindi 72 pa sabata, ena 136, ena 192, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Muyeso wa befu uja unakwera ndi 4.2 peresenti, 6.0 peresenti ndi 8.2 peresenti, motsatana choncho. Taonani bwino manambalawo. Wochita zambiri anapeza zambiri, palibe kutsutsa. Koma a mphindi 72 aja, amene sanafike ndi theka lomwe la 150, anatola theka la phindu la anzawo amene ankakhetsa thukuta maola oposa atatu. Mphindi zoyambirira ndi zimene zimalipira kwambiri. Mphindi 72 pa sabata ndi mphindi 10 zokha pa tsiku ndi kakusintha pamwamba. Ku Taiwan nakonso, ofufuza amene anatsatira anthu oposa 400,000 analengeza mu 2011 kuti amene ankachita mphindi 15 pa tsiku anali ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi 14 peresenti poyerekeza ndi ongokhala, ndipo ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zitatu zowonjezera. Kafukufuku wa mtundu umenewu amangotsatira anthu, sawagawa, ndiye mwina ena mwa ongokhalawo ankangokhala chifukwa chodwala kale. Ngakhale tichotsepo za zimenezo, chotsala n'chosanyozeka.

Pali kafukufuku wina amene anzanga a pa nsanja yathu amamukonda ndikamawafotokozera, chifukwa amamveka ngati katangale. Ku yunivesite ya McMaster ku Canada, gulu la Martin Gibala linalengeza mu 2016 za amuna ongokhala amene anawakweza pa njinga zopalasa pamalo amodzi katatu pa sabata, kwa masabata 12. Ena ankapalasa mwapakatikati mphindi 45. Ena ankakhalapo mphindi 10 zokha, koma m'kati mwake ankapalasa ndi mphamvu zawo zonse katatu, masekondi 20 ulendo uliwonse. Kwa onse, muyeso wa befu uja unakwera ndi pafupifupi 19 peresenti. Anzanga akamva amati, "Ndiye mphindi imodzi basi!" Ine ndimawauza kuti chikomekome cha mkuyu. Amuna amene anayesedwawo sanakwane ndi 30 omwe, ndipo mphamvu zonse zimene akunenazo ndi zija zoti ukatsika umaona nyenyezi masana. Munthu wa BP ngati ine sangoyamba zimenezo asanafunse kuchipatala. Chimene ndinatolapo n'chakuti utali ndi liwiro zimagulana: ukafupikitsa nthawi, uwonjezere changu. Mphindi 10 zoyenda ukuyang'ana nsapato m'mawindo a masitolo si mphindi 10 zimene ofufuza aja ankanena.

Poyezera pake n'posavuta, sipafuna wotchi yodula. Ukamayenda ukhoza kulankhula koma sungathe kuimba, ndiye kuti uli pa liwiro lapakatikati. Ukayamba kudula mawu pawiri patatu kuti upume, walowa m'zamphamvu. Ine ndimadziyesa ndi nyimbo ya m'buku la ku tchalitchi. Ndikaona kuti ndime ikutuluka bwinobwino mpaka kumapeto, ndimadziwa kuti ndikunamiza anamwino.

Ndinayamba chonchi. Kombi ikafika pa Showgrounds mu msewu wa Samora Machel ndimatsika, n'kumaliza mtunda wotsalawo wapansi, mphindi 12 kapena 13. Masana ndikadya ndimazungulira mpaka ku Harare Gardens n'kubwerera. Kuyenda utangodya kuli ndi phindu lakelake, chifukwa minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi. Chidutswa chachitatu chimagwa paliponse pamene chagwa: magetsi akathima makina n'kukhala chete ndimatsika ndi kukwera masitepe kawiri, kapena madzulo ndimalanda zigubu kwa anyamata n'kupita ndekha ku mjigo. Mkulu wina wa ku mpingo kwathu atandiona ndikutsika kombi panjira anandifunsa, nditamufotokozera anaseka n'kuti, "Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha." Dzinalo linandikakamira mpaka lero.

Chovuta sichinali miyendo ayi, chinali maso a anthu. Hwindi, kunena kuti kondakitala, wa kombi yathu tsiku loyamba anakuwa, "Mdhara, ndalama yatha?" pamene ndinali nditalipira kale yonse. Kwathu kuno woyenda pansi ndi wosauka, mimba ndi chizindikiro chakuti zinthu zikuyenda, ndipo munthu wa zaka zanga akayamba kuphwa anthu amayamba kunong'onezana za matenda. Palinso ulesi wina wovala jekete, umene umati masewera enieni amafuna jimu, zovala zake ndi ola lathunthu, choncho popeza zimenezo palibe, tiyeni tikhale. Umenewu ndi umene unandigwira ine zaka zambiri. Ndikaganiza bwino, khoma la mphindi 30 lija ndinkalikonda, chifukwa linkandipatsa pobisala.

Hwindi yemweyo anandikumbutsa nkhani ina imene mwana wa mlongo wanga anandisimbira. Mu 1953, chaka chimene chitaganya chinayamba, dokotala wina wa ku London dzina lake Jeremy Morris anasindikiza zimene anapeza pa ogwira ntchito m'mabasi a nsanja ziwiri. Madalaivala ankakhala pansi tsiku lonse, makondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe kudula matikiti. Matenda a mtima ankagwira madalaivala kwambiri kuposa makondakitala. Kondakitala uja sankachita mphindi 30 zolumikizana, ankangokwera timasitepe, kuima, kutsika, tsiku lonse. Mukadzakwera kombi mawa muyang'ane dalaivala, kenako muyang'ane mnyamata wolendewera pachitseko. Inde, hwindi amakhala wamng'ono pa zaka, kuyerekezako sikolungama kwenikweni. Koma ambiri mwa madalaivala amenewa anali mahwindi dzana, ndipo ine ndi amene ndimafutukula mathalauza awo.

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi ndinafika pa nsanja yachitatu osaima. Sindinazindikire n'komwe, ndinangopezeka ndikufufuza kiyi pakhomo. Mtima wanga ndikadzuka m'mawa unkagunda ka 88 pa mphindi, patapita miyezi itatu unatsikira m'ma 70. Zimene zimachitika m'katimo ndinazimva motere. M'masabata oyambirira madzi a m'magazi amachuluka, mtima umayamba kutunga ndi kuponya magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndiye sufunikanso kuthamanga kwambiri. Pang'onopang'ono m'minofu mumamera timitsempha tatsopano, ndipo timagawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, timene timasandutsa chakudya ndi mpweya kukhala mphamvu, timachuluka. Zonsezi zimabwera chifukwa thupi lakumbutsidwa kawirikawiri. Mitsempha yolumikiza minofu ndi mafupa, komanso mfundo ngati mawondo, zimazolowera mochedwa kuposa mtima. N'chifukwa chake ola langa lija la Loweruka linandipundula: ndinapempha mawondo ntchito imene anali asanaigwirepo zaka 20. Ululu wa minofu wotere umafika pachimake patapita tsiku limodzi mpaka atatu, ndipo ndi pamenepo pomwe anthu ambiri amaponyera nsapato kunsi kwa bedi. Ululu umenewo ndi wosiyana ndi kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosadziwika bwino. Zimenezo zikabwera umaima pomwepo n'kupita kuchipatala, osalimba mtima.

Tsono tepi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi ndinadziyeza pamaso pa mayi a kunyumba kuti ndisabe. Kuchoka pa 40 ndinafika pa 39. Inchi imodzi yokha! Ndinakhumudwa, kunena zoona, chifukwa m'mutu mwanga ndinali nditabweza kale mathalauza onse. Koma kuyenda kwa mphindi 30 kumatentha chakudya chochepa kuposa mmene timaganizira, botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi ndi banzi likhoza kubwezeretsa zonse. Befu limasintha msanga, mimba imatsalira m'mbuyo ndipo imamvera kwambiri mbale. Mapilitsi a BP ndikumwabe, anamwino sanandiuze kuti ndisiye ndipo sindinadzilamule ndekha.

Ndinaphunziranso kuti phindu limeneli silisungika ngati chimanga m'nkhokwe. Mu Disembala mayunifolomu atachuluka ndinakhala masabata atatu osatsika pa Showgrounds, ndikudya pa makina pomwepo. Pofika Januwale masitepe anali atandiiwala, ndinapumiranso pa khoma lomwe lija. Kubwerera kunali kofulumira kuposa poyamba, komabe ndinachita kubwerera. Apa m'pamene ndimaona ubwino weniweni wa zidutswa kwa munthu ngati ine. Ola lathunthu likasokonekera, tsiku lonse lapita. Zidutswa zitatu chimodzi chikagwa, ziwiri zimatsala. Mvula ya masana ya mu Febuluwale ikandiletsa kupita ku Gardens, masitepe ali pomwepo pansi pa denga.

Kumene zidutswa zinandiperewera ndinakuona tsiku la maliro a mnansi wathu. Tinaima ndi kuyenda nthawi yaitali, kunyamula, kukwirira, ndipo ola lisanathe msana ndi zidendene zinayamba kulira, ngakhale mpweya unalipo wokwanira. Thupi limazolowera chimene walizoloweza. Kuyambira pamenepo Lamulungu masana timayenda ulendo umodzi wautali ndi mayi a kunyumba. Tinayamba ndi mphindi 25, n'kumawonjezera zisanu pakapita masabata awiri, pano timakwanitsa ola. Mu Okutobala, majakaranda atayala maluwa m'misewu, tinakwera kaphiri ka Kopje kwa nthawi yoyamba, ine wobadwira mu mzinda uno. Iwo anafika pamwamba poyamba, n'kundifunsa ngati mpweya wa kumeneko suli wopyapyala.

Sabata yatha kunabwera dalaivala wina wa kombi, kasitomala wanga wakalekale, atanyamula thalauza lakuda limene ndinamusokera ndekha. Anakwera masitepe aja chifukwa chikepe chafanso, ndipo anafika atagwira chitseko, osatha kupereka moni. Ndinamupatsa mpando ndi madzi. Akupuma ndinamufotokozera za mabasi a ku London, za amayi a ku Dallas, za mphindi khumi zimene angazipeze pa renki kombi ikudikira kudzaza. Anamvetsera bwino ndithu, akugwedeza mutu.

"Zamveka, achimwene," anatero. "Nanga kufutukulaku ndi zingati?"

Ndinamuuza madola awiri. Tepi inaima pa 43. Nsalu ya m'kati inali itatha, ndiye ndinachita kuikamo kachigamba kumbuyo, kakuda kofanana ndi thalauzalo, kuti asamaonekere akaimirira.